Mmene mungalembere dayale ya nthawi ya mliri osaisiyira panjira

Tsiku loyamba mumadzaza masamba anayi. Lachiwiri, awiri. Pofika sabata yachitatu kope lija lapanikizika pansi pa mabuku ena, ndipo mukaliona mumalambalala ngati mwakumana ndi munthu amene muli naye ngongole. Madayale (makope olembamo zochitika za tsiku ndi tsiku) ambiri oyambidwa nthawi ya mliri amathera pamenepa. Yanga yoyamba, ya mu 2020 pa mliri wa COVID-19, inatheranso pomwepa.

N'zomvetsa chisoni, chifukwa mliri umasokoneza kukumbukira. Munthu ukabindikira m'nyumba masiku amafanana, Lachiwiri ndi Loweruka sizisiyana, ndipo pakatha chaka sungathenso kunena ngati sukulu zinatsekedwa usanadwale kapena utachira kale. Funsani mnzanu tsiku limene anavala masiki koyamba, muona akungoyang'ana kumwamba. Malangizo ali m'munsiwa akuthandizani kulemba pang'ono koma mosadukiza, ndi kusunga zinthu zokhazo zimene palibe wina angakusungireni.

## Zofunika musanayambe

- Kope losokedwa ndi ulusi, la chikuto cholimba. La mawaya masamba ake amathothoka, komanso limakunyengererani kung'amba tsamba limene silinakusangalatseni. Lisakhale lokongola mopitirira, chifukwa kope lotero limaopsa ndipo munthu amayamba kudikira tsiku limene adzakhale ndi mawu oyenera kulembamo.
- Zolembera ziwiri za inki yakuda. Pensulo imafufutika masamba akamakhuzana, ndipo inki za mitundu yowala zimasuluka msanga.
- Envelopu yaikulu yosungiramo timapepala, yomatidwa mkati mwa chikuto chakumapeto.
- Guluu wa mapepala. Tepi yomatira imasanduka yachikasu pakapita zaka, kenako imamatuka n'kusiya banga.
- Kalendala yoonekera pamene mumalembera.
- Foni yojambula zithunzi, ngati muli nayo.
- Malo osungira kope amene ena a m'nyumba safikako.

## 1. Sankhani pepala kapena foni, ndipo mukasankha musasinthesinthe

Zonse zimagwira ntchito. Ine ndimakonda pepala chifukwa nthawi ya mliri foni ndiyo imabweretsa nkhani zoopsa, ndipo mukaitsegula kuti mulembe mumapezeka mwatha ola mukuwerenga za anthu amene amwalira. Koma ngati kulemba pamanja kumakutopetsani, lembani pafoni kapena pakompyuta, mu fayilo imodzi yokha.

Chenjezo: musamwaze zolemba zanu, zina m'kope, zina mu uthenga wodzitumizira nokha pa WhatsApp, zina kuseri kwa lisiti. Simudzazisonkhanitsa. Ndipo olemba pafoni azikopera fayiloyo kumalo ena kamodzi pa sabata, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa osatsanzika.

## 2. Tsamba loyamba lisakhale la mliri

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amayamba ndi lero, pomwe chinthu choyamba kuiwalika ndi dzulo. Musanalembe kalikonse za matenda, khalani pansi mufotokoze tsiku lanu wamba zinthu zisanasinthe. Munkadzuka nthawi yanji? Munkadutsa njira iti popita kuntchito kapena kusukulu, ndipo munkakwera chiyani? M'galimotomo munkakhalamo angati? Munkagwirana chanza ndi anthu angati pa tsiku osaganizira n'komwe? Ndani ankabwera kwanu kawirikawiri? Ana ankabwerako nthawi yanji? Chaka chimenecho munakonza zochita chiyani: ulendo, mayeso, ukwati, kusamuka nyumba, kuyamba bizinesi?

Lembani masamba awiri kapena atatu, ngakhale mukuona ngati zilibe kanthu. Tsamba limeneli ndilo muyeso. Popanda ilo, mudzalemba kuti "zinthu zasintha" koma simudzadziwa kuti zasintha kuchoka pati.

Chenjezo: musakometse zakale. Ngati ntchito inkakutopetsani, ngati m'nyumba munali kale kusamvana, lembani choncho. Mtima wa munthu wobindikira umasandutsa moyo wakale kukhala wokoma kuposa mmene unalili, ndipo mukatsatira mtima umenewo mudzanamiza amene adzawerenge, kuyambira inuyo.

## 3. Siyani masamba awiri a madeti akuluakulu

Jambulani mzere pakati pa tsamba kuchokera pamwamba kufika pansi. Kumanzere muzilemba madeti a dziko lonse lapansi ndi a boma la kwanu, kumanja a m'nyumba mwanu. Mwachitsanzo, kwa COVID-19 mbali ya kumanzere ingakhale ndi izi: Disembala 2019, matenda achilendo a m'mapapo amveka ku Wuhan, m'dziko la China, 11 Malichi 2020, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lalengeza kuti ndi mliri wa dziko lonse, Disembala 2020, mayiko ena ayamba kubaya katemera, Novembala 2021, mtundu watsopano wa kachilombo wotchedwa Omicron wadziwika, 5 Meyi 2023, WHO yanena kuti matendawa salinso pa mlingo wa ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Onjezerani masiku amene kwanuko anatseka sukulu, malire ndi malo opemphereramo, ndi amene anatsegulanso.

Kumanja ndiye kwanu: tsiku lomaliza kupita kuofesi, tsiku limene malipiro anadulidwa, tsiku limene munthu woyamba amene mumamudziwa anapezeka ndi kachilombo, tsiku limene munayezetsa, tsiku limene munabayitsa katemera ndi dzina la katemerayo. Mbali ya kumanzere ikhale yaifupi. Zimenezo mungazipeze pa intaneti ngakhale patapita zaka makumi awiri, pomwe za kumanja mukapanda kuzilemba inu zapita.

## 4. Ikani nthawi, ndipo muyeso ukhale waung'ono

Mangirirani kulemba ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, monga mukangotsuka mano usiku kapena mukangodzuka ana asanayambe phokoso. Muyeso ukhale mizere isanu. Tsiku limene muli ndi zambiri mudzalemba masamba, koma lonjezo lanu likhale mizere isanu basi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chenjezo: musalembe mutangotha kumvera nkhani za pa wailesi kapena pa TV. Mudzangobwereza zimene mwamvazo.

## 5. Yambani tsiku lililonse ndi mutu wathunthu

Tsiku la sabata, deti, mwezi, chaka, malo amene muli, ndi anthu amene agona m'nyumbamo usiku umenewo. Chaka musachisiye. Lero mukuona ngati n'chodziwikiratu, koma mliri umatenga zaka zingapo ndipo "14 Julaye" wa chaka chino adzasokonezeka ndi wa chaka chamawa. Za ogona m'nyumba zimaoneka zachabe, komabe nthawi ya mliri anthu amasuntha: wophunzira wabwerera kuchokera kusukulu yogonera konko, wachibale wakanika kubwerera kwawo chifukwa malire atsekedwa, wodwala wapatulidwa m'chipinda chake.

## 6. Lembani chimene chasintha, ndipo chikhale chogwirika

Ntchito yeniyeni ili pano. Mukakhala ndi kope patsogolo, mutu umakupatsani mawu aakulu monga akuti "zinthu zavuta", "tili ndi mantha", "dziko laima". Mawu amenewa ndi oona, koma patapita zaka zisanu sadzakukumbutsani kanthu, chifukwa akhoza kulembedwa ndi munthu aliyense tsiku lililonse. Chimene chimabweza tsiku lonse m'maso ndi kanthu kakang'ono kamene munakaona inuyo.

Mukasowa poyambira, dzifunseni funso limodzi mwa awa: Lero ndalephera kuchita chiyani chimene kale ndinkachita osaganizira? Ndachita chiyani koyamba m'moyo wanga? Ndaona chiyani ndi maso anga pamsewu, pakhomo la sitolo, pazenera? Ndani amene ndatha mwezi osamuona? Ndi mawu ati atsopano amene alowa m'kamwa mwanga?

Taonani kusiyana. Wina alemba kuti: "Lero kunali kovuta, corona yatisokoneza." Wina alemba kuti: "Pakhomo la banki anandiloza pachipumi kachipangizo koyezera kutentha thupi. Pansi ajambula mizere kuti tiziima motalikirana. Ndinakumana ndi mnzanga wa kusukulu, tonse tinatambasula dzanja, kenako tonse tinalibweza. Sindinadziwe ngati akumwetulira chifukwa cha masiki. Mwana wafunsa ngati kachilomboka kamagona usiku." Wachiwiriyu sanatchule mantha ngakhale kamodzi, koma akadzawerenga adzawamva m'mimba.

Mawu atsopano apatseni malo awoawo, kaya patsamba lomaliza. Mu 2020 anthu tinayamba kunena za kubindikira, kukhala motalikirana, sanitayiza, misonkhano ya pa Zoom. Kenako panabwera Delta ndi Omicron, mayina a mitundu ya kachilomboka. Lembani tsiku limene munamva liwu lililonse koyamba ndi amene munamumva akulinena. Mawu amenewa amalowa mwakachetechete n'kutuluka mwakachetechete.

Pali chinthu china chimene ndinachizindikira mochedwa. Zochitika koyamba n'zosavuta kulemba, chifukwa mumadziwa pompo kuti n'koyamba. Zochitika komaliza sizidziwika. Palibe amene amakuuzani kuti uku n'kucheza komaliza ndi agogo anu, kapena kuti lero ndi tsiku lomaliza kuvala masiki. N'chifukwa chake muzilemba ngakhale kucheza wamba: munaimbirana ndi ndani, munakambirana chiyani, anaseka ndi chiyani. Mwina mzere umodziwo ndi umene mudzaufunefune kuposa masamba onse.

Zosangalatsa nazonso zilembedwe. Ngati mwaphunzira kumeta ana, ngati msewu wakhala chete mpaka mukumva mbalame zimene simunkazimva, ngati mwagona tulo tokwanira koyamba pa zaka zambiri, imeneyo ndi mbali ya mliri womwewo. Musachite manyazi poganiza kuti ena akuvutika.

## 7. Lembani zimene mukukhulupirira lero, ndipo musadzazikonze

Nthawi ya mliri chidziwitso chimasintha, mphekesera zimachuluka. Kumayambiriro kwa 2020 anthu ambiri ankapukuta katundu aliyense wochokera kusitolo, ena ankati zonse zitha pakatha milungu ingapo. Ngakhale malangizo a akatswiri anasintha: WHO inayamba kulangiza anthu wamba kuvala masiki pamalo odzaza anthu mu Juni 2020, pomwe poyamba sinkatero. Lembani zimene mukuganiza kuti zichitika mwezi wamawa. Lembani mphekesera imene yafika lero, amene wakuuzani, ndiponso ngati mwaikhulupirira. Ikani chizindikiro chosiyanitsa zimene mwaona nokha, zimene mwamva kwa achipatala kapena aboma, ndi zimene zangoyenda pafoni.

Chenjezo lalikulu: mukadzaona kuti munalakwitsa, musafufute, musang'ambe tsamba. Lembani m'mbali ndi inki ya mtundu wina, muikepo deti latsopano. Tikadziwa mmene nkhani inathera, mtima umatinamiza kuti tinkadziwa kuyambira pachiyambi. Dayale yosakonzedwa ndiyo yokha ingakuonetseni mmene kusadziwa kunalili.

## 8. Matenda akalowa m'nyumba

Apa dayale imagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yothandiza pompano. Lembani tsiku limene zizindikiro zinayamba, ndipo muziwerenga masiku kuchokera pamenepo. Lembani kutentha thupi ndi ola limene mwayeza, chifuwa, kusamva fungo kapena kukoma, mankhwala amene amwedwa ndi nthawi yake, tsiku loyezetsa ndi zotsatira, ndi anthu amene wodwalayo anakhala nawo pafupi masiku apitawo. Achipatala akamafunsa kuti "zinayamba liti?", munthu wotopa ndi wamantha amasokoneza masiku. Kope silisokoneza. Ngati wodwala ndinu ndipo simungathe kugwira cholembera, jambulani mawu pafoni, mudzakopere mukachira.

Chenjezo: kope si dokotala. Kupuma movutikira, kupweteka pachifuwa kosaleka, kusokonezeka mutu kapena kulephera kudzuka si zinthu zoti muzilembe n'kudikira mawa. Funani thandizo la achipatala nthawi yomweyo.

Ntchito yachiwiri ndi yolemera. Munthu akamwalira, simungathe kulemba zakukhosi tsiku lomwelo, ndipo musadzikakamize. Lembani zochitika zokha: ndani wakuuzani, nthawi yanji, munali pati, munatha kupita kumaliro kapena malamulo anakuletsani, munali angati. Mizere itatu yakwana. Siyani malo pansi pake, mudzabwererepo mtima ukadzalola, kaya patapita mwezi kaya chaka.

Ndipo ngati mwaona kuti usiku uliwonse kulemba kukukumizani m'maganizo omwewomwewo mpaka tulo osabwera, tsekani kope kwa masiku angapo, mulankhule ndi munthu amene mumamudalira kapena mlangizi wa zaumoyo. Pali katundu wina amene pepala silingakusenzeni.

## 9. Sungani mawu a anthu ena, koma mosamala

Lembani zimene ana, makolo, anzanu ndi oyandikana nawo anena, ndi mawu awo enieni, tsiku lomwelo asanasinthike m'mutu mwanu. Mafunso a ana ndiwo amaiwalika msanga. Mukhozanso kupatsa aliyense wa m'nyumba tsamba limodzi kuti alembe yekha kapena ajambule.

Chenjezo: matenda a munthu wina ndi chinsinsi chake. Ngati kope lingagwere m'manja mwa ena, lembani chilembo choyamba cha dzina lokha. Ndipo musajambule tsamba lotere n'kuliika pa Facebook.

## 10. Matani ndi kusunga tinthu ta nthawiyo

Kalata ya kusukulu yolengeza kutseka, uthenga wa kuntchito, chikalata choyendera, tikiti ya ulendo umene unalephereka, pepala la zotsatira za kuyezetsa. Khadi la katemera musalimate, mudzalifuna, ingolijambulani. Malisiti ambiri a m'masitolo amasindikizidwa pa pepala limene zolemba zake zimazimiririka pakapita nthawi, choncho koperani pamanja zimene mukufuna kusunga. Zithunzi za pafoni zilembeni m'kope tsiku limene mwajambula, ndi mzere umodzi wonena chifukwa chake, apo ayi mudzapeza chithunzi cha msewu wopanda anthu osadziwanso kuti munkaonapo chiyani.

## 11. Mukadumpha masiku

Mudzadumpha, palibe amene sadumpha. Musayese kubweza ngongole yonse ya masiku khumi, chifukwa ntchitoyo idzakukulirani ndipo mudzasiyiratu. Lembani deti la lero, mzere umodzi wonena kuti papita masiku angati ndi chinthu chimodzi chachikulu chimene chachitika, kenako pitirizani. Kupepesa kwa kope n'kutaya inki.

## 12. Werenganinso kamodzi pa mwezi

Tsiku lomaliza la mwezi werengani zonse za mweziwo, muonjezere madeti pa masamba awiri aja, ndipo muyankhe mafunso atatu omwewo mwezi uliwonse: n'chiyani chimene tsopano ndachizolowera, n'chiyani chimene ndikuchisowa kwambiri, ndikuganiza kuti zitha liti. Mayankho a funso lachitatu, mukadzawaika pamodzi, adzakudabwitsani. Jambulaninso masamba onse ndi foni kuti moto kapena madzi asadzakulandeni zonse. Kope likadzaza, lembani pachikuto deti loyamba ndi lomaliza, mulisunge pouma, kutali ndi dzuwa.

## Ngati mukuyamba mliri utadutsa kale

Sikunathe. Tsegulani zithunzi za pafoni, mauthenga akale, maimelo ndi khadi la katemera. Zonsezi zili ndi madeti. Yambani ndi masamba awiri a madeti, kenako funsani amene munali nawo, aliyense payekha, chifukwa akakhala pamodzi amagwirizana pa nkhani imodzi. Pamwamba pa tsamba lililonse lembani kuti mukulemba zokumbukira, ndi deti la tsiku limene mukulembalo.

## Zolakwitsa zimene zimabwerezedwa

Kukopera ziwerengero za odwala ndi omwalira tsiku lililonse. Zimadzaza tsamba, zimakupatsani mtima woti mwalemba, koma za inuyo mulibemo. Chiwerengero chilembeni tsiku limene chakukhudzani, ndipo munene chifukwa chake.

Kulembera owerenga. Mukayamba kuganiza za zidzukulu kapena za buku limene mudzasindikize, mumayamba kudzionetsa wolimba mtima ndi wanzeru kuposa mmene mulili. Mkangano wa m'nyumba wobwera chifukwa chopanikizana, kuopa ngongole, tsiku limene munaphwanya lamulo n'kupita kukaona mayi anu, zonsezo zimasowa.

Kudikira tsiku lokhala ndi nkhani. Masiku opanda kanthu ndiwo ambiri pa mliri, ndipo "lero sindinatuluke, ndi tsiku la 23" ndi mzere wokwanira.

Kusiya kope poyera. Mukangokayika kuti wina akuwerenga, dzanja limayamba kubisa lokha.

Kuleka zinthu zikangoyamba kupepuka. Ichi ndicho ndimadandaula nacho kwambiri pa dayale yanga yachiwiri. Ndinalemba bwino miyezi ya mantha, koma sukulu zitatsegulidwa ndinaona ngati nkhani yatha. Lero ndilibe tsiku limene ndinagwiranso munthu chanza, ndilibe tsiku limene ndinakhala m'chipinda chodzaza anthu osawerenga kuti tilimo angati, ndipo sindidziwa kuti botolo la sanitayiza linachoka liti pakhomo. Malamulo akachotsedwa pitirizani kulemba, ngakhale kamodzi pa sabata, kwa miyezi ina isanu ndi umodzi, ndipo tsamba lomaliza mulilembe mutatsegula loyamba lija pambali, mukuyankha mafunso omwewo limodzilimodzi.